Kudula Tcheni Sikokwanira: Kachitsulo Kodzutsa Njinga Yofa Magiya

Mountain bike ikayamba kukalamba, matenda ake amayambira kumbuyo, mbali ya kumanja. Felemu imakhala idakali yolimba, malimu ali bwinobwino, koma kachitsulo kolendewera pansi pa magiya, kotchedwa derailleur, kamakhala katatopa kale. Kanagundapo mwala, kanapindika njinga itapanikizidwa ndi matumba pamwamba pa lole, mwina kanalowa m'masipoko tsiku lina pokwera chitunda. Waya wake wachita dzimbiri ndi mvula, chosinthira cha pahandulo chathyoka, ndipo chofanana nacho sichikupezeka pamsika wapafupi. Zikafika apa mwini njinga amaikankha mpaka pansi pa mtengo pomwe pamakhala wokonza njinga, ndipo pempho lake ndi lomwe amisiri a ku Lilongwe, ku Chipata ndi ku Tete analizolowera: achimwene, ingochotsani zonsezi, mudule tcheni.

Mmisiri amachotsadi. Amasankha giya imodzi yapakati, amakulungapo tcheni, amagoneka linki pa nati n'kutulutsa pini ndi msomali ndi hamala, kenako amalumikiza. Njinga imanyamuka yopepuka, yopanda phokoso, mwini wake akumwetulira. Pakangopita masabata ochepa madandaulo amayamba. Tcheni chikugwa pabampu iliyonse. Kapena chakwera chokha pa giya yokulirapo n'kulimba mpaka mapedulo kukana kuzungulira. Mwini njinga amati mmisiri sadziwa ntchito, mmisiri amati matcheni a masiku ano ndi abodza. Kawirikawiri onse awiri amakhala akuloza polakwika. Gwero la vutoli ndi kapangidwe ka felemu, ndipo mankhwala ake ndi kachipangizo kakang'ono kotchedwa tensioner, kamene ntchito yake ndi imodzi basi: kukoka tcheni kuti chisalendewere.

Ntchito yachiwiri ya derailleur

Aliyense amadziwa kuti derailleur imasuntha tcheni kuchoka pa giya ina kupita pa ina. Ochepa ndi amene amaganizira ntchito yake yachiwiri. Tcheni cha njinga yamagiya chimakhala chachitali mokwanira kuzungulira giya yaikulu yakutsogolo ndi yaikulu yakumbuyo nthawi imodzi. Wopalasa akatsikira pa magiya ang'onoang'ono, tcheni chambiri chimatsala chopanda ntchito, ndipo chimene chimameza chotsalacho ndi kamkono ka timagudumu tiwiri kokhala ndi sipuling'i mkati. Tcheni chikadyeka n'kutalika, kamkonoko kamakoka. Tayala likagunda dzenje, kamakokabe. Munthu akachotsa derailleur amaganiza kuti wasiya kusintha magiya kokha, osadziwa kuti wachotsanso chimene chinkagwira tcheni.

Njinga zakale zakuda, za mtundu wa Humber, Raleigh, Hero ndi Phoenix, zilibe vuto limeneli ngakhale nazo ndi za giya imodzi. Chinsinsi chake chili kumapeto kwa felemu, pa mipata iwiri momwe mumalowa ekiselo ya tayala lakumbuyo. Pa njinga zimenezi mipatayo ndi yaitali komanso yogona. Tcheni chikalendewera, mmisiri amamasula manati, amakokera tayala kumbuyo pang'ono n'kumanganso. Palinso timabawuti tiwiri tokolowekedwa pa ekiselo, tomwe ukamamanga timanati take tayala limabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, ndipo silithanso kutsetserekera kutsogolo. N'zomwe amachita kuchigayo lamba akayamba kuterereka: amakankhira injini kumbuyo pa njanji zake mpaka lambayo atalimba.

Pa mountain bike zambiri zabwino zopangidwa kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, mpata umenewu ndi waufupi ndipo unaloza pansi. Ekiselo imalowa n'kukhazikika pamalo amodzi, osasuntha ngakhale pang'ono. Opanga njinga anachita dala. Mpata woloza pansi umabwezera tayala pamalo omwewo nthawi zonse, kotero mabuleki ndi magiya sasokonekera ukalichotsa pomata chubu, komanso munthu aponde mwamphamvu bwanji, tcheni sichingakokere tayala kutsogolo. Zonsezi zinali bwino chifukwa yolimbitsa tcheni inalipo.

Choncho tcheni chisanakhudzidwe, gwadani muyang'ane mpatawo. Mountain bike zambiri zotchipa, makamaka zomwe derailleur yake imagwidwa ndi kambale kopanikizidwa ndi nati ya ekiselo, zili ndi mpata wopendekeka wotalikirapo. Zoterezi sizifuna tensioner, chifukwa tayala likhoza kusuntha mokwanira. Zovuta ndi zomwe mpata wake unaloza pansi, ndipo zambiri mwa izo ndi zija zabwino zakaunjika zochokera ku Ulaya ndi ku America, zomwe munthu sangafune kuzitaya.

Masamu a theka la inchi

Wina angafunse kuti bwanji osangodula tcheni molingana ndendende. Kuchokera pa pini imodzi kufika pa inzake pali theka la inchi, mamilimita 12.7, ndipo muyeso umenewu ndi umodzi pa matcheni pafupifupi onse a njinga padziko lapansi. Malinki amasinthana, ina yamkati ina yakunja, kotero podula umayenera kuchotsa awiri nthawi imodzi, omwe ndi mamilimita 25.4. Popeza tcheni chimapita n'kubwerera, kuchotsa malinki awiri n'chimodzimodzi kusuntha tayala ndi mamilimita pafupifupi 13. Ukasiya awiriwo chikulendewera, ukawachotsa sichikufika. Mwayi woti felemu yanu igwere pakati penipeni ndi wochepa.

Njira zochepetsera kusiyanako zilipo. Hafu linki, yomwe mbali ina ndi yopapatiza ina yotambalala, imalola kusintha utali ndi mamilimita 12.7 m'malo mwa 25.4. Kuwonjezera dzino limodzi pa giya kumameza tcheni cha mamilimita pafupifupi 6, zomwe zikufanana ndi kusuntha ekiselo ndi mamilimita atatu. Sheldon Brown, mmisiri wa njinga wa ku Massachusetts yemwe anamwalira mu 2008, anafalitsa kwambiri masamu amenewa, ndipo mpaka lero okonda njinga za giya imodzi amatha maola akufufuza magiya awiri ogwirizana ndendende ndi felemu yawo popanda chokokera chilichonse. Akawapeza amanyadira, chifukwa njinga imaoneka yaukhondo.

Kunyadako sikukhalitsa, pakuti tcheni chimatalika. Zitsulo zake sizitanuka ayi. Mapini ndi amene amadyeka, makamaka m'misewu yafumbi momwe mchenga umasakanikirana ndi oyilo n'kumapala mkati. Tcheni cha mountain bike ya giya imodzi chimakhala cha masentimita pafupifupi 120. Chikadyeka ndi theka la peresenti, pomwe pa njinga yotere chimakhala chidakali ndi moyo, chimakhala chatalika ndi mamilimita 6. Zikumveka zochepa, koma mamilimita 6 amenewo akasonkhana mbali yapansi, tcheni chimalendewera ndi masentimita ngati atatu. Apa mpomwe chimayamba kugwa. N'chifukwa chake njinga yodulidwa tcheni imayenda bwino masiku oyamba kenako n'kuyamba misala.

Ku California ndi ku Minnesota

Kachipangizo kothetsa vutoli kanatchuka pakati pa anthu omwe sankasowa ndalama zogulira magiya. Mountain bike inabadwira ku Marin County, m'chigawo cha California, m'zaka za m'ma 1970. Achinyamata ngati Joe Breeze, Gary Fisher ndi Charlie Kelly ankatola njinga zakale zolemera za Schwinn, za giya imodzi ndi buleki yopondera kumbuyo, n'kumathamangitsana potsika mapiri ozungulira Mount Tamalpais. Mpikisano wawo wotchuka wa Repack unayamba mu 1976, pa msewu wafumbi wotsika mamita pafupifupi 400 pa mtunda wa makilomita atatu okha. Pofika pansi habu inkakhala itatentha mpaka gilizi kusanduka utsi. Kuti azitha kukweranso mapiriwo m'malo momangotsika, anayamba kumangirira magiya pa njingazo. Mu 1981 kampani ya Specialized inatulutsa Stumpjumper, imodzi mwa mountain bike zoyamba kupangidwa zambiri kufakitale, ndipo kuyambira pamenepo magiya anangochulukirachulukira: 15, 18, 21, 24, 27.

M'zaka za m'ma 1990 ena anatopa nawo magiyawo. Matope a nyengo yozizira ankatha zipangizo zokwera mtengo, ndipo makampani ankangotulutsa zatsopano zosagwirizana ndi zakale. Anayamba kuvula njinga zawo zakale n'kusiya giya imodzi, ndipo atangotero anagundana ndi mpata uja woloza pansi. Mu 1998 ku Minnesota kunabadwa kampani ya Surly, yomwe chimodzi mwa zinthu zake zoyamba kugulitsa chinali tensioner yotchedwa Singleator: kamkono kamodzi, kagudumu kamodzi ndi sipuling'i, komangidwa pabowo lomwelo pomwe panali derailleur. Ndi ndalama zochepa, felemu yomwe inkangosonkhanitsa fumbi m'galaja inatha kudzukanso.

Gulu la okonda giya imodzi linakula mpaka kukhala ndi mpikisano wake wa dziko lonse, Single Speed World Championships, wodziwika ndi nthabwala, zovala zoseketsa komanso mphoto yachilendo: wopambana amadindidwa chizindikiro chosafufutika pathupi. Mu 2012 mpikisanowu unachitikira ku Spioenkop, m'chigawo cha KwaZulu-Natal ku South Africa, ndipo mwa amuna anapambana Burry Stander, katswiri yemwe chaka chomwecho anakhala wachisanu pa mpikisano wa mountain bike wa Olympics ku London. Iwowa amavula magiya posangalala, wakabaza wa ku Salima amavula chifukwa cha thumba, koma mamilimita 12.7 aja amawavutitsa mofanana.

Mitundu itatu

Yofala kwambiri ndi ya kagudumu kamodzi ndi sipuling'i, monga Singleator ndi zina zambiri zotengera iyo. Zina mwa izi zimatha kukankhira tcheni pansi kapena m'mwamba, ndipo kusiyanako n'kofunika. Ikamakankhira pansi imachotsa tcheni pa mano ena a giya yakumbuyo, ndiye mphamvu yonse ya mwendo imagwera pa mano ochepa. Munthu akaimirira pachitunda tcheni chikhoza kudumpha, bondo n'kukagunda handulo. Ikamakankhira m'mwamba tcheni chimakumbatira giya mopitirira theka ndipo chimagwira bwino. Komabe kukankhira m'mwamba kumatheka pokhapokha tcheni chitafupikitsidwa ndithu, apo ayi kagudumu kamakagunda felemu tcheni chisanalimbe. Apa mpomwe hafu linki imathandiza. Tensioner izimeza zochepa zotsala, isamanyamule malinki omwe anayenera kudulidwa.

Mtundu wachiwiri ulibe sipuling'i. Chitsanzo chake ndi STS ya kampani ya DMR ya ku England. Umakankha kamkono mpaka tcheni chilimbe, n'kumanga bawuti kuti kakhale pomwepo. Ubwino wake ndi wakuti sikadumphadumpha pamsewu wamiyala, ndipo palibe sipuling'i yoti n'kutopa. Kuipa kwake n'kwakuti tcheni chikatalika umayenera kugwiranso sipanala. Pomanga pamafunika dzanja lodziwa, chifukwa giya yakutsogolo sikhala pakati penipeni pa kulanki. Ukamazunguza mapedulo pang'onopang'ono uona tcheni chikulimba pena n'kumasuka pena. Pezani polimbitsitsa, ndipo pamenepo tcheni chizitha kukwera ndi kutsika sentimita imodzi mukachikankha ndi chala. Cholimba kuposa apo chimalira, chimalemetsa njinga, chimatha mabelingi a habu ndi a kulanki.

Mtundu wachitatu uli ndi timagudumu tiwiri, ndipo ukauona ungati ndi derailleur yaifupi. Melvin ya kampani ya Paul Component Engineering ya ku Chico ku California ndi yotere, monganso ina ya Shimano ya m'gulu la Alfine. Imameza tcheni chambiri ndipo imachikulunga bwino pa giya. Pa njinga zambiri zokhala ndi sipuling'i kumbuyo kwa felemu ndiyo yoyenera, chifukwa tayala likamakwera ndi kutsika mtunda wa pakati pa kulanki ndi ekiselo umasinthasintha, ndipo chokokera chouma chikhoza kudulitsa tcheni. Mtengo wake ndi phokoso pang'ono ndi malo ambiri ogwira matope.

Palinso njira zosuntha ekiselo kapena kulanki m'malo mokoka tcheni. Kampani ya White Industries imapanga habu yotchedwa ENO, yomwe ekiselo yake siili pakati: ukaitembenuza, tayala lonse limasunthira kumbuyo. Mafelemu ena ali ndi njira yofananayo pa kulanki, nzeru yobwerekedwa ku njinga zopalasa anthu awiri. Izi n'zokongola koma n'zodula. Kuno wowotcherera waluso akhoza kudula mipata ya felemu yachitsulo n'kuikapo yogona, bola ziwirizo zikhale zolunjikana bwino. Felemu ya aluminiyamu musaiyandikizitse kumoto: ikawotcheredwa mwachisawawa imafooka, ndipo imadzathyoka osachenjeza.

Derailleur yakufa siinafe yonse

Kwa ambiri tensioner ya m'sitolo siili pafupi. Mwamwayi derailleur yomwe yaleka kusintha magiya kawirikawiri imakhala idakali ndi mphamvu yokoka. Ngati kamkono kake sikanapindike, ndipo mukakakoka ndi chala kakubwerera kokha, musaitaye.

Chotsani waya ndi chosinthira cha pahandulo. Kumbuyo kwa derailleur kuli timabawuti tiwiri, kena kolembedwa H, kena L. Mangani ka H pang'onopang'ono mukuyang'ana kuchokera kumbuyo kwa njinga, ndipo muona derailleur ikusunthira mkati, kuloza kumasipoko. Lekani pomwe kagudumu kapamwamba kaima ndendende pansi pa giya yomwe mwasankha. Kenako mangani ka L mpaka kagunde, kuti derailleur isathenso kupita uku kapena uko. Kabawuti kakafupika, ikani kena kotalikirapo kolowa bwino pabowo lomwelo. Njira ina ndi kusiya kachidutswa ka waya: mutu wake ukhale pomwe waya amalowera, mchira wake muupanikize pa bawuti yake derailleur mutaigwira pamalo oyenera. Mukatero dutsitsani tcheni m'timagudumu tonse tiwiri, n'kuchifupikitsa mpaka kamkono kaloze kutsogolo koma kadakali ndi mpata wosuntha. Palani dothi louma pa timagudumu, thirani dontho la oyilo pakati pake.

Chinthu chimodzi chimaiwalika. Kachitsulo ka pafelemu komwe derailleur imamangidwapo kamapindika njinga ikagwera kumanja, ndipo kakapindika, chilichonse chomangidwapo chimakhala chopendekeka, ngakhale tensioner yatsopano ya m'katoni. Kachitsulo wamba kamawongoka ndi sipanala yaikulu mukakoka modekha. Ka aluminiyamu kamalola kamodzi, kachiwiri kamathyoka.

Mzere ndi mano

Tensioner imalimbitsa tcheni koma siingawongole tcheni choyenda mopingasa. Imani kumbuyo kwa njinga, tsinzinani diso limodzi, muyang'ane motsatira tcheni. Giya yakutsogolo ndi yakumbuyo ziyenera kukhala pamzere umodzi. Chitsulo chowongoka chogonekedwa pambali pa yakutsogolo chiyenera kukafika pambali pa yakumbuyo. Zikasiyana ndi mamilimita angapo tcheni chimalira, chimadya mano mbali imodzi, ndipo chimangodikira bampu.

Mano enieniwo nawo ali ndi mlandu. Kuyambira pomwe Shimano inatulutsa magiya a Hyperglide mu 1989, mano a njinga zamagiya amapangidwa aafupi, osemedwa, okhala ndi timakwerero m'mbali, kuti tcheni chizichoka mosavuta wopalasa akafuna kusintha. Pa njinga ya giya imodzi chimenecho ndicho simukuchifuna. Mumafuna mano aatali, athunthu. Tcheni chodulidwa chikasiyidwa pa magiya onse asanu ndi awiri popanda choletsa, timakwerero tija timachinyamulira pa giya yokulirapo, ndipo popeza palibe malinki otsala, chimalimba mpaka kupinda ekiselo kapena kuduka.

Mahabu alipo a mitundu iwiri. Pa ena magiya amangolowetsedwa pa thupi lamizere n'kutsekedwa ndi mphete. Pamenepa mumachotsa onse, n'kuika giya imodzi pakati pa timphete totalikitsa, tochokera ku magiya akale kapena todulidwa mowongoka ku paipi yapulasitiki, ndipo mumasinthasintha timpheteto mpaka mzere utawongoka. Pa ena, omwe ndiwo ambiri pa njinga zotchipa, magiya onse amamangidwa pamodzi mozunguza. Pamenepa filiwilo wamba ya giya imodzi imalowa bwinobwino, koma imakhala mkati kwambiri. Mmisiri ayenera kusuntha mawashala a pa ekiselo kuti habu ipite kumanja, kenako kukonza masipoko kuti limu libwerere pakati pa felemu. Ndi ntchito yofuna kudekha, ndipo ndi imene amisiri othamanga amailumpha.

Samalaninso ndi kukula kwa tcheni. Filiwilo ya njinga zakuda ili ndi mano onenepa ofuna tcheni cha mpata wa mamilimita 3.2, pomwe cha njinga yamagiya 18 kapena 21 ndi cha mamilimita 2.4. Chopapatiza sichikhala pa mano onenepa. Chotambalala chimakhala ponseponse, koma chikhoza kukhula m'kamkono ka derailleur yakale. Ndipo tcheni chatsopano pa mano akale osongoka chimadumpha ngakhale chikokedwe bwanji.

Pali malo amodzi pomwe tensioner siiyenera kuikidwa ngakhale pang'ono. Ukamapalasa chakutsogolo, mbali yapamwamba ya tcheni ndiyo imanyamula katundu, ndipo yapansi, pomwe pali tensioner, imakhala ikupuma. Pa njinga ya buleki yopondera kumbuyo, kapena yomwe giya yake inamangidwa mouma popanda filiwilo, zinthu zimatembenuka ukafuna kuima: mphamvu yonse imabwera pansi, kamkono kamapindika kapena kuthyoka, ndipo buleki imasowa pa nthawi yomwe ikufunika. Njinga ya tensioner ikhale ndi filiwilo ndi mabuleki a pahandulo awiri ogwira.

Giya iti?

Wokhala ndi giya imodzi amasankha kamodzi, ndiye asankhe modziwa. Okwera mapiri anazolowera kuyambira pa mano 32 kutsogolo ndi 16 kumbuyo. Tayala la mainchi 26 likazungulira kamodzi limayenda mamita awiri ndi pang'ono, kotero pa magiya amenewa mapedulo akazungulira kamodzi njinga imapita mamita 4.1. Munthu wozunguza ka 80 pa mphindi amathamanga makilomita pafupifupi 20 pa ola. Mukaika 20 kumbuyo mumatsikira pa mamita 3.3, zomwe n'zabwino pa zitunda za ku Dedza, ku Thyolo kapena ku Zomba, koma pachidikha miyendo imangozungulira njinga osapita. Njinga yakuda ya mano 44 ndi 18 pa tayala la mainchi 28 imapita mamita pafupifupi 5.5, ndipo n'chifukwa chake imathamanga ku Nkhotakota ndi ku Nsanje koma pachitunda mwini wake amatsika n'kukankha.

Mountain bike zambiri zotchipa zili ndi magiya atatu akutsogolo okhomedwa pamodzi osamasulika, a mano 48, 38 ndi 28, kapena 42, 34 ndi 24. Yapakati ndiyo imagwirizana mosavuta ndi mzere. Mano 38 ndi 18 amapereka mamita 4.4, poyambira pabwino kwa munthu wa m'tauni wonyamula katundu wochepa. Pomwe pali mwayi wosankha, tengani magiya okulirapo: 36 ndi 18 amapalasika mofanana ndi 32 ndi 16, koma tcheni chimagwira mano ambiri, chimachedwa kudyeka ndipo sichidumpha msanga. Ngati magiya anu akugwirabe ntchito pang'ono, yendani mlungu wathunthu pa giya imodzi osasintha, pa msewu wanu wa tsiku ndi tsiku ndi katundu wanu. Maondo adzakuuzani ngati mwasankha bwino.

Ndani avule, ndani asavule

F.K. Day, mmodzi mwa oyambitsa kampani ya SRAM ya ku Chicago yomwe imapanga magiya a njinga zampikisano, anayambitsa bungwe la World Bicycle Relief mu 2005 pamodzi ndi Leah Missbach Day. Njinga yomwe bungwelo linatchuka nayo m'misewu ya Zambia ndi Malawi, Buffalo, ndi ya giya imodzi, buleki yopondera kumbuyo ndi kaliyala wonyamula makilogalamu 100. Anthu odziwa magiya bwino kwambiri anaona kuti kutali ndi sitolo ya zipangizo, chosathyoka chimaposa chothamanga.

Komabe mountain bike yovulidwa si Buffalo, ndipo si aliyense ayenera kuvula. Wokwera phiri tsiku ndi tsiku ndi matumba a mbatata amafunikadi magiya ofewa, ndipo kwa iye n'kwabwino kugula waya watsopano, derailleur yotchipa ndi chosinthira chakale chongokankha ndi chala, chomwe sichisankha mtundu wa magiya. Koma mwana wasukulu, mlonda wopita kuntchito usiku, mayi wogulitsa masamba m'dera lachidikha, onsewa amapindula ndi njinga yomwe zosowa zake ndi tcheni, filiwilo ndi mabuleki, zinthu zopezeka pamsika uliwonse wa pakati pa mlungu.

Nzeru imeneyi imathandizanso pogula. Pamulu wa njinga zakaunjika, yofa magiya ndiyo imatsika mtengo msanga, chifukwa ogula amaiona ngati chitsulo chakutha. Wodziwa amayang'ana zinthu zitatu: kuti felemu ilibe ming'alu pamalo owotcherera, kuti mpata wa ekiselo ndi wogona kapena woloza pansi, komanso kuti kachitsulo komangapo derailleur kalipo ndipo bowo lake silinadyeke. Zitatuzo zikakhala bwino, akambirane mtengo ndi mtima wokhazikika, chifukwa zotsalazo mmisiri wodekha amazimaliza masana amodzi.